Dona Atulukira Pati?

Loweruka lililonse m'mawa ntchito yanga inali kutsuka mano a Dona. Bambo ndiwo ankaitchula choncho. Ndinkatenga mswachi wakale ndi kansalu kong'ambidwa ku vesiti yawo, n'kugwada kutsogolo kwa galimoto, n'kumachotsa fumbi pa tizitsulo tonyezimira ta kukamwa kwake, kamodzikamodzi, kuyambira kumanzere. Ntchitoyi sinkafuna liwiro. Ndikafulumira, bambo ankamva ali pabalaza.

"Mzime, kodi ukupala mamba a nsomba?"

Ndiye ndinkabwerera pa kachitsulo koyamba.

Dona anali galimoto ya ku Amereka, yakale kuposa ukwati wa makolo anga. Inali yaitali moti inkadzaza galaja yonse, yobiriwira mopepuka, kumbuyo ili ndi zipsepse ziwiri zosongoka. Matayala ake anali ndi mkombero woyera, chiwongolero chili kumanzere, ndipo denga lake linali la chinsalu chopinda, loti ukafuna umalitsitsa n'kumayenda mutu uli pamphepo. Zomalizazi ndikungonena zimene ndinamva. Chibadwire changa Dona sanatulukepo m'galaja.

Bambo ali mnyamata anali dalaivala wa mkulu wina yemwe anali ndi nyumba yoonetsera mafilimu. Mkuluyo pomwalira anawasiyira galimotoyo, poti ana ake ankafuna zatsopano. Bambo anaikweza pa zipika kuti matayala asatope, ndipo atakwatira anaifunditsa mabulangete amene amayi analandira pa ukwati. Lamlungu lililonse masana ankaliza injini kwa kanthawi, iwo atakhala pa chiwongolero, maso atatseka, ngati munthu amene akumvera kwaya. Akatero ankazimitsa, kupukuta pomwe anakhala, n'kutuluka chammbuyo.

Amayi ankamutchula Dona kuti mkazi mnzanga. Sankanena mokwiya. Amayi sankanena chilichonse mokwiya. Ndi telala, ndipo nthawi zambiri pakamwa pawo pamakhala mapini, choncho mawu awo ambiri ankathera pamenepo. Anthu amati ine ndinatengera iwo, kungoti ine ndilibe mapini oti ndinamizire.

Panali nkhani imene aliyense pabanja pathu ankaidziwa koma osaikamba bambo ali pomwepo. Bambo anafunsira amayi ndi galimotoyo. Anaima nayo pakhomo pa shopu imene amayi ankaphunzirako kusoka, n'kulonjeza kuti tsiku la ukwati adzawayendetsa tauni yonse, denga lili lotsitsa, iwo atakhala mpando wakutsogolo. Tsiku la ukwati kunachita mitambo. Bambo anayang'ana kumwamba n'kunena kuti mvula ingawononge zikopa za mipando, ndipo akwati anapita ku phwando lawo pa lole, pamodzi ndi mabenchi obwereka. Mvula sinagwe. Kuchokera pamenepo lonjezo linkangosunthidwa: fumbi likatha, matope akauma, msewu akaukonza, mwana akakula. Mwanayo ndi ine, womaliza kubadwa, ndipo pa nthawi imene ndikunenayi ndinali nditalemba kale mayeso omaliza a kusekondale.

Amayi anali ndi mpango wachikasu umene anagula kuti adzamange kumutu pa ulendowo. Unkakhala pansi penipeni pa sutikesi. Chaka chilichonse ankautulutsa, kuuchapa, kuusita, n'kuubwezera.

Ndili wamng'ono amayi anapempha kuti aike makina awo osokera pakona ya galaja. Bambo anati ulusi umauluka ndipo ungalowe mu injini. Ndiye amayi anasoka mayunifolomu a ana asukulu mpaka maso kufiira, n'kugula njerwa, n'kumangitsa kachipinda kawo pa malo okhawo amene analipo, pakati pa chitseko cha galaja ndi msewu. Bambo anasangalala kwambiri. Anati tsopano wakuba aliyense ayambe wadutsa pa amayi. Tonse tinazolowera kulowa m'galaja kudzera pa kakhomo ka kukhitchini. Chitseko chachikulu chija chinasanduka khoma lakumbuyo la chipinda chosokera, amayi anaikapo shelefu ya nsalu, ndipo patapita zaka palibe amene ankachikumbukanso.

Zogulitsa zinayamba ndi malume, achimwene awo a amayi. Ntchito ya malume ndi kugulitsa zinthu za eni ake: mafiriji, mapuloti, nthawi ina mpaka thalakitala imene iwo sanaionepo. Tsiku lina anandipeza ndili chogwada ndi mswachi wanga, bambo ataimirira pambali kuyang'anira.

"Alamu," anatero malume, "mwanayu mukumuthera mawondo chifukwa cha chitsulo ichi? Masiku ano angachifune ndani? Mwina aja amagula zitsulo zakutha. Kulemera kokha ndiye chili nako."

Bambo anavula magalasi pang'onopang'ono.

"Mujambuleni Dona," anatero. "Muikeni pa foni yanuyo, muone mmene anthu alirire."

Bambo sankafuna kugulitsa. Ankangofuna kuona anthu akulira. Malume anajambula, n'kulemba kuti galimoto yakale ya ku Amereka, denga lopinda, zonse zili monga zinachokera ku fakitale. Anthu anayambadi kubwera, ndipo bambo ankawalandira atavala jekete, n'kuwafunsa mafunso ngati abwera kudzafunsira ine. Woimba wina wa tsitsi lofiira anafuna kuti azijambulirapo nyimbo zake atakhala pa boneti. Bambo anamuperekeza mpaka pa msewu mawu ake asanathe. Kenako kunabwera mnyamata waulemu amene amabwereketsa magalimoto pa maukwati.

"Akwati amatuluka thukuta," anatero bambo. "Ndipo amawazidwa timapepala tonyezimira. Timeneto tikalowa m'mipata ya mipando sitituluka."

Makina a amayi, amene ankamveka kuseri kwa shelefu, anaima pang'ono n'kuyambanso.

Sabata zimenezo bambo ananenepa. Akakana munthu ankadya bwino, ndipo madzulo ankafotokozera aneba mmene wokanidwayo anayendera pobwerera.

Kenako kunabwera dokotala wa mano. Anali wamfupi, wolankhula motsitsa, ndipo asanalowe m'galaja anavala magolovesi oyera n'kupempha kuti avule nsapato. Bambo anamuyang'ana kawiri. Dokotala anatulutsa katochi ndi kagalasi kakang'ono kapamtengo, konga kamene amaonera mano akumbuyo, n'kuyamba kusuzumira paliponse. Anagona chagada n'kulowa pansi pa galimoto, ndipo kwa nthawi yaitali tinkangoona masokosi ake. Atatuluka ananunkhiza mipando.

"Utoto ndi womwewo?"

"Womwewo," anatero bambo.

"Chinsalu cha denga?"

"Chomwecho."

"Wailesi?"

"Imagwira masiteshoni amene anatsekedwa kalekale," anatero malume. Palibe anaseka.

Dokotala anaima pafupi ndi ine n'kuwalitsa tochi pa mano a Dona. Anafunsa kuti amatsuka ndani. Ndinayang'ana pansi. Anati akanakonda odwala ake akanakhala ngati ine, ndipo sindinadziwe ngati ndithokoze.

Amayi analowa ndi thireyi ya tiyi pa nthawi imene dokotala anafika pa mpando wakutsogolo, wa pambali pa dalaivala. Dokotala anauyang'ana, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, n'kugwira pachifuwa.

"Chikopa ichi chilibe khwinya ngakhale limodzi. Zatheka bwanji?"

"Palibe anakhalapo," anatero bambo, mawu ali pamwamba. "Abwana anga ankakhala kumbuyo. Kuchokera pamenepo, palibe. Ngakhale akazi angawa. Afunseni."

Dokotala anatembenukira kwa amayi n'kuwerama.

"Mayi, mwachita chinthu chachikulu. Akazi ambiri sakanapirira. Ndaona magalimoto abwino ataonongedwa ndi mabanja."

"Shuga mumathira wochuluka bwanji?" anafunsa amayi.

Dokotala anati shuga sagwiritsa ntchito. Amayi anamupatsa tiyi wopanda shuga, n'kuima pakhomo thireyi ili m'manja.

"Ndiye muziyenda nayo kuti, adokotala?" anafunsa malume. "Atsikana akutha ndithu."

"Kuyenda?" Dokotala anaika kapu pansi. "Achimwene, kuyenda n'kumene kumapha magalimoto. Kwathu ndili ndi chipinda cha magalasi, chozizira usana ndi usiku, muli zinzake. Imeneyi ikalowa mmenemo sidzapondanso dothi. Ndidzaitenga pa lole. Anthu azidzaiona ali kuseri kwa chingwe."

Ndinayang'ana bambo. Maso awo anali atalengeza misozi. Onse aja anawakana mosavuta chifukwa ankafuna kuikwera. Uyu anali iwo eni, kungoti wa ndalama.

"Ine ndakula," anatero bambo. "Msana sukundilolanso kuwerama. Ndikadzatseka maso, awa adzanyamulira nsalu ku msika. Mutengeni mwana wanga Dona, adokotala. Kwa inu akakhala ngati ali kwawo."

Anagwirana chanza, dokotala ali chivalire golovesi. Malume anayang'ana kudenga n'kumayendetsa milomo ngati akuwerengera ndalama. Nditacheuka pakhomo, amayi anali atachoka.

Anagwirizana kuti lole ibwere Loweruka lotsatira. Lachinayi ndinapeza amayi akusita mpango wachikasu uja, ngakhale sinali nthawi yake ya chaka. Anausita mbali imodzi, kuutembenuza, kusita, kuutembenuzanso. Ndinaima nthawi yaitali ndikukonza mawu m'mutu.

"Amayi, simuwauza bambo?"

"Ndiwauze chiyani chimene sakuchidziwa? Tandipatsa lumo ilo."

Ndinaganiza zowauza bambo ndekha. Ndinawapeza m'galaja akupukuta magalasi a nyali n'kumayankhula motsitsa ndi Dona, ndipo atandifunsa chimene ndinkafuna ndinati ndikufuna mswachi.

Loweruka kutacha ndinatsuka mano a Dona komaliza. Bambo anachotsa mabulangete, anapopa matayala, n'kutsitsa galimoto pa zipika ndi jeke, akuuza aliyense kuti asapume pafupi. Malume anabwera atavala suti. Dzuwa litakwera lole inafika, yaitali, ya tcheni kumbuyo, dokotala akuitsatira pa galimoto yake. Aneba anatuluka. Ambiri a iwo anali atamva za Dona kwa zaka zambiri koma osamuona, ndipo mayi wina wogulitsa makala anati iye ankayesa kuti Dona ndi munthu wodwala amene timamubisa.

Dalaivala wa lole anatsika, tcheni chili paphewa. Analowa kudzera kukhitchini, anaona galimoto, anaimba kamluzu. Anatuluka, anazungulira nyumba, n'kubweranso.

"Pepani mabwana," anatero. "Itulukira pati?"

Bambo anatsegula pakamwa kuti ayankhe, n'kuloza chitseko chachikulu. Dzanja lawo linakhala m'malere. Kuseri kwa chitsekocho makina a amayi ankalira.

Kwa kanthawi aliyense anayang'ana kakhomo ka kukhitchini, kenako galimoto, kenako kakhomo, ngati kuti mwina kakula.

"Si vuto," anatero malume. "Tisasule malata, tibweretse chimakina chonyamulira, tiikoke cham'mwamba."

"Mawaya a magetsi adutsa pamwamba pomwepo," anatero dalaivala.

"Ndiye tiigoneke chammbali."

"Malume ake a mwanayu, imeneyi si firiji," anatero bambo.

"Chabwino. Tiimasule. Zitseko pazokha, injini payokha, tikalumikize kwa adokotala."

Dokotala anatsamira khoma. Anati bawuti imodzi yokha ikamasulidwa, galimotoyo sikhalanso monga inachokera ku fakitale, ndipo iye akwera galimoto yake n'kumapita. Anafunsa za khoma lakumbuyo kwa galaja. Kuseri kwake kunali chimbudzi cha aneba, ndipo mwini wake, amene ankamvetsera pazenera, anakaniratu asanafunsidwe.

Panatsala njira imodzi. Amuna onse anatuluka, anazungulira ku msewu, n'kulowa m'chipinda chosokera. Ine ndinawatsatira n'kuima pakona, pafupi ndi madiresi opachika. M'chipindamo munali mothina. Amayi anali pa makina, mapini ali pakamwa, akusoka mpendero wa diresi la kasitomala. Sanadzutse mutu.

Malume anatenga tepi yoyezera imene inali pa tebulo la amayi, n'kupatsa dalaivala nsonga imodzi. Anayeza khoma lakutsogolo, lija lili ndi zenera ndi chikwangwani cha amayi, tepi ikudutsa pamwamba pa mutu wawo.

"Lonseli ligwe," anatero malume. "Shelefu ichoke, chitseko chitseguke, galimoto idutse pakati. Chemwali, mungosunthira makinawo kukhitchini kwa masiku ochepa."

"Ndidzamangitsa lina," anatero dokotala. "Labwino kuposa ili. La matailosi."

"Musadandaule za iwo," anatero bambo. "Mayi a Mzime savuta. Chikwatirane chathu sanavutepo."

Malume anatuma mwana wa aneba kukaitana mmisiri womanga amene amakhala kumapeto kwa msewu wathu. Anabwera ndi chihamala chachikulu, anthu akumupatsa njira. Malume anayamba kuchotsa makatani pazenera. Dokotala ankafunsa ngati fumbi la njerwa silifika pa utoto, ndipo bambo anati aifunditsanso mabulangete aja. Mmisiri analavulira m'manja, n'kuyang'ana poyambira.

Makina anaima.

Amayi anachotsa mapini pakamwa, imodziimodzi, n'kumaibaya pa kapilo kake. Anadula ulusi. Anapinda diresi lija bwinobwino n'kuliika pambali. Zonsezi anazichita mosafulumira, moti amuna aja anayamba kuwayang'ana.

"Bambo, taikani pansi hamalayo," anauza mmisiri. Mmisiri anaika.

"Chemwali, nthawi..."

"Achimwene, bwezerani katani langa. Ndi tepi yomwe."

Malume anabwezera tepi. Katani linawakanika, anangoligwira m'manja.

"Khoma ili si la alamu anu," anatero amayi. "Si la adokotala. Njerwa iliyonse apa ndi yunifolomu ya mwana wa munthu. Mwaliyeza ndi tepi yanga, pamutu panga, osandifunsa ngakhale moni."

Sindinawamvepo amayi akuyankhula mawu ochuluka chonchi pa kamodzi. Mawu awo sanakwere. Anthu amene anali pazenera anatchera khutu.

"Bambo a Mzime, mwanena zoona, sindinavutepo. Mabulangete anga a ukwati wafunda ndi mkazi mnzanga, ine ndikufunda nsalu zotsala za makasitomala. Sindinavute. Mwauza mlendo, ine nditanyamula tiyi, kuti sindinakhalepo pa mpando uja, ndipo mwanena ngati mukundipatsa mendulo. Mlendo mpaka wandithokoza."

"Mayi a Mzime, anthu akumva," anatero bambo.

"Amve. Munandilonjeza anthu akumvanso, pakhomo pa shopu ija, anzanga onse ali pazenera ngati awa."

Bambo anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi.

"Khomali ligwa, ndavomera," anapitiriza amayi. "Mkazi mnzanga atuluke, nayenso watopa m'menemo. Koma satuluka pa tcheni ngati wakuba. Atuluka injini ikulira, denga lili lotsitsa, inu muli pa chiwongolero, ine ndili pa mpando uja. Tidutsa pomwe panali shopu ija. Tizungulira msika, pang'onopang'ono, kuti amene anandiona pa lole ndi mabenchi, amene akadali moyo, andione. Mzime akhala kumbuyo, pa malo a abwana. Wakula ali chogwada pamaso pa galimotoyi ndipo sadziwa kuti mkati mwake mumaoneka bwanji. Tikabwerako, adokotala atenge katundu wawo."

Dokotala anakweza dzanja la golovesi ngati mwana wa sukulu.

"Mayi, ndikumvetsa, koma mpando umenewo ukangokhalidwa, sukhalanso mmene ndinauonera. Chimene ndikugula ine ndi chakuti zonse zili monga zinachokera ku fakitale."

"Si zonse, adokotala. M'menemo muli lonjezo langa, ndipo limenelo silinachokere ku fakitale. Sindinaligulitse. Mpandowo muugula uli ndi khwinya langa. Mukapanda kufuna, lole yanu ibwerere, khoma langa likhale, ine ndimalize diresi ili. Mwini wake akubwera masana."

Malume anayang'ana dokotala. Dokotala anayang'ana bambo. Bambo anavala magalasi, anayenda mpaka pazenera lopanda katani lija, n'kusuzumira kumwamba nthawi yaitali.

"Kukuchita ngati mitambo," anatero motsitsa.

"Ndaiona," anatero amayi, akuimirira n'kusansa ulusi pa siketi. "Mzime, kanditengere mpango wanga, uli pabedi. Ikagwa tinyowa, bambo a Mzime. Zikopa zimenezo zinali pa ng'ombe, ndipo ng'ombezo zinkagona panja."